Ng'ombe Yopanda Dzina ya Alamu Anga

Kwathu kuno ku Msakambewa ng'ombe za pangolo zimakhala ndi mayina osavuta, a Bulaki, a Boma, a Sikochi. Koma za alamu anga a Reinford, amuna awo a akulu anga a Marita, zinali ndi mayina oti mlendo akamva ankayamba wafunsa ngati mwini wake akutukwana. Ine ndine Roza, chitsirizira m'nyumba mwathu, ndipo pakhomo panga ndi pawo pangolekana ndi mpanda wa nkhadze. Choncho zimene ndikunenazi sindinachite kumva kumjigo ayi. Alamu amenewo ndakangana nawo kuyambira ndili mtsikana, poti mlamu saopedwa, ndipo pakamwa pangapa Mulungu sanaikepo chitseko.

Anapita ku Joni pa Theba, kukagwira ntchito kumigodi, atangokwatira kumene, nkuwasiya akulu anga ali ndi pakati pa Trust. Amuna anzawo ankabwerako ndi mawailesi, njinga ndi majekete achikopa oti ngakhale mu Okutobala osavula. Iwo anabwera ndi zogulira ngolo ndi ng'ombe ziwiri, chifuwa chosatha, ndi mawu. Inde, mawu. Ankatiuza kuti kumgodiko ankalowa ntchito kusanache, ndiye akamadikira chikepe chowatsitsira pansi, chinthu chomaliza kuchiona chinali nyenyezi. Munthu wolowa kudzenje sadziwa ngati adzatulukamo. Tsono pofuna kuiwala mantha anayamba kufunsa anzawo, aliyense payekha, kuti kwanu chimenechi mumachitcha chiyani. Msutu anati naledi. Mzulu anati nkanyezi. Mshangani anati nyeleti, ndipo Mkhosa wina wamtali, yemwe ankagona naye chipinda chimodzi kukomponi, anati nkwenkwezi.

Akakhuta thobwa pansi pa mtengo wa mango, ulaliki unkayamba. Ankati mawu onsewa, pamodzi ndi nyenyezi yathuyi, ndi ana a mayi mmodzi. Makolo athu, ati, anali pamodzi kalekale, anayang'ana kumwamba nkuona tinthu tikunyezimira, natitcha dzina. Kenaka anabalalika kusaka msipu ndi minda, dzina lija nkumapindika m'njira, wina kulidula mutu, wina kuliwonjezera mchira, koma ukatchera khutu fungo lake ndi limodzi. Ine ndinkawaseka kuti taonani munthu wolekezera Sitandade 3 wasanduka pulofesa wa kumwamba, ndipo mawu sanunkha. Kaya zinali zoona kaya zopeka, ine sindidziwa. Iwo ankazikhulupirira kuposa momwe ankakhulupirira nyengo ya pawailesi.

Nkhani ya ng'ombe inali chonchi. Alamu sankagula thole lililonse, koma lokhalo la banga loyera pachipumi. Ankatha kuyenda wapansi mpaka kumapiri a ku Ntchisi atangomva kuti kwa uje kwabadwa lotero. Akabwera nalo ankalipatsa dzina la nyenyezi m'chinenero cha mnzawo mmodzi wa kumgodi, koma mnzawo yekhayo amene wamwalira. Ng'ombe yoyamba inali Naledi, chifukwa Msutu uja mwala unamugwera iwo ali pambali pake. Za enawo uthenga unkabwera kudzera kwa Che Mahamadi, Myao wa golosale ya pamsika, yemwe anakwera nawo ndege imodzi popita ku Joni, ndipo adzukulu ake mpaka lero sasiya kupita ndi kubwera. Mayina sankasowa, poti chifuwa cha mgodi chinkathyola anzawowo msanga kuposa momwe ng'ombe zimakalambira. Dzina likagwira ntchito kamodzi sankalibwereza. Ankati maliro amodzi salira kawiri.

Ndikamakumbuka zaka zimenezo mtima umandiwawa, osanama. Ngolo ya a Reinford inali basi yathu, lole yathu, ambulansi yathu. Inanyamula mabelo a fodya kupita kumsewu, chimanga chochokera kuminda ya kutsidya, njerwa za tchalitchi, amayi oyembekezera, ndi mabokosi omwe. Kusanache unkamva kabelu ka pakhosi pa ng'ombe kakutsika chitunda, kumbuyo kwake mawu a alamu akucheza ndi ng'ombezo ngati anthu: akufunsa Nkanyezi ngati akukumbukira kapitawo wa mphuno yofiira, akudzudzula Nyeleti kuti ulesi wake uja sanausiyebe. Chikwapu anali nacho, koma chinali choingitsira ntchentche. Lero kwadzaza njinga zamoto, zongolira ngati mavu, ndipo palibe amene amacheza ndi chomwe wakwera.

Akulu anga nawonso anali ndi liwu lawo m'thumba la mayina la amuna awo. Atangobwera kuchokera ku Joni, alamu anawafunsa mwanthabwala kuti nanga inu mayi a Trust mundipatsa liwu liti la nyenyezi. Akulu anga anati nyenyezi ndi ya aliyense, yawo ndi nthanda, ija imatuluka m'bandakucha, chifukwa ndi imene inkawadzutsa kupita kumadzi zaka zonse zomwe ankasamala pakhomo okha. Anawonjezera kuti amuna sayidziwa bwino poti imatuluka iwo akuliza nkonono. Tinaseka tonse tsiku limenelo. Che Mahamadi nawo anali atapereka lawo lachiyao, ndondwa, adakali kukomponi.

Zaka zinapita, mayina nkumatha limodzilimodzi, mpaka m'thumba muja munangotsala awiri amenewo, ndipo eni ake onse anali amoyo.

Ndiye Nyeleti anafa ndi ukalamba, Nkwenkwezi nkutsala yekha, ndipo goli silisenzedwa ndi khosi limodzi. Alamu anapita ku Ntchisi nkubwera ndi thole lofiira, banga lake loyera mbee ngati alipaka ufa. Mwezi womwewo akulu anga anayamba kutupa miyendo ndi kubanika akayenda pang'ono. Kuchipatala anati ndi mtima, nawapatsa mapilitsi.

Aliyense woweta amadziwa kuti ng'ombe ya pangolo imapatsidwa dzina idakali yaing'ono, izolowere mawu a mbuye wake, kuti podzaika goli ikhale ikumva. Ikakula yopanda dzina khosi limauma, basi yasanduka ya nyama. Alamu ankadziwa zimenezi kuposa tonsefe, koma pakamwa anatseka. Thole lija ankangoliti "iwe". Mudzi wonse unkadziwa chifukwa chake, ndipo panalibe wolimba mtima kunena. Kutchula Nthanda kunali ngati kukumba manda a mkazi wawo ali pakhonde akusankha nyemba, kutchula Ndondwa kunali kuika m'manda mnzawo ali m'golosale.

Mvula inagwa nkusiya, inagwanso ina. Ngolo inakhala pansi pa mango mpaka matayala anaphwa, nkhuku nkumaikiramo mazira. Fodya wawo yemwe ankachita kupempha ngolo ya eni, munthu amene ananyamula mudzi wonse! Ng'ombe ija inakula yolusa, yosagwirika, kudula zingwe, kulowa m'madimba a anthu. Tsiku lomwe inandidyera mpiru wanga wonse ndinapsa mtima zedi. Ndinawapeza akusoka thumba, ndipo ndinawauza kuti aitche Bulaki, aitche Galu, aitche Roza ngati akufuna, bola igwire ntchito, chifukwa akulu anga akufunika ngolo yowatengera kumsewu osati miyambo yopeka okha. Anandiyang'ana nkunena kuti ng'ombe ya nyenyezi pachipumi siingatchedwe Roza, poti Roza alibe kuwala kulikonse. Pofuna kuwagenda ndi chitsononkho ndinapezeka ndikuseka.

Trust, yemwe pano ndi bambo wa ana ake ku Mponela, anabwera ndi nzeru zake. Anati pafoni angathe kuwapezera nyenyezi m'zinenero zonse za pansi pano, Chitchaina ndi Chiarabu chomwe, angosankhapo. Bambo ake anamufunsa kuti mawu amenewo mwini wake ndani, ndipo anadya naye liti. Trust anabweza foni m'thumba.

Amene anandiliza ndi Che Mahamadi. Anabwera Lachisanu lina atachoka kumzikiti, mkanjo woyera, ndodo m'manja, atakwera chitunda chonse chija ndi chifuwa chawo. Anakhala pampando, anamwa madzi, nkuyang'ana ng'ombe ija nthawi yaitali.

"Achimwene, tengani langa," anatero. "Itcheni Ndondwa. Tsiku langa analemba ndi Mulungu, ng'ombe siingalisunthe."

Alamu anapukusa mutu. Anati anataya anzawo okwana, ndipo wotsala mmodziyo sangamuike m'khola adakali moyo. Anakhala pomwepo awiriwo, akutsokomola mosinthana, mpaka dzuwa linapendeka.

Pa mkangano wonsewu akulu anga sanaikepo mlomo. Ndikawadandaulira ankangoseka, amvekere asiye, ukuwadziwa alamu ako. Chomwe ankachita nchakuti m'bandakucha uliwonse, amuna awo adakali m'tulo, ankadzikoka ndi kabeseni ka gaga wothira mchere kupita kukhola, nkukhala pa chitsa cha m'mbali mwa mpanda. Ng'ombe yolusa ija kwa iwo yokha inkafatsa, nkumadya m'manja mwawo. Ndinkawaona ndikamapita kumjigo, atafunda zitenje ziwiri, akuyankhula nayo motsitsa mawu. Ndinkawakalipira kuti chisanu cha mu Juni chiwapha chifukwa cha chilombo chosayamika. Ankati munthu wozolowera kudzuka ndi nthanda sangagone, ndipite ndikatunge madzi anga.

Chaka chathachi, titangokolola, matenda anakula ndipo anawagoneka kuchipatala cha Mtengowanthenga. Wowadikirira ndinali ine. Alamu ankabwera pakapita masiku, nkukhala m'mphepete mwa bedi chipewa chili pamaondo. Akulu anga ndi amene ankafunsa, za nkhuku, za denga la nkhokwe, ndiponso ngati yofiira ija ikudya. Alamu ankati gaga wa m'manja mwawo ikukana. Akulu anga ankamwetulira nkutseka maso.

Anatisiya m'mamawa wa tsiku lina, kunja kukuyera. Trust anafuna kuimbira foni munthu wa kumudzi kuti akawauze bambo ake, ine ndinakana. Uthenga wotere sungafike kwa mwamuna wa munthu kudzera pa foni ya woyandikana naye, ngati nkhani ya makuponi. Ndinamusiya akukonza za galimoto, ine ndinamanga katundu wa akulu anga m'chitenje chawo, ndinakwera minibasi, kenaka njinga yamoto, njira yonse ndikumeza kulira.

Ndinafika dzuwa litakwera. Alamu anali kukhola, ng'ombe asanazitsekulire, atanyamula kabeseni ka gaga kaja. Yofiira inali kungodya ya uko, itawafulatira. Atamva mapazi anatembenuka. Anaona ine, anaona mtolo uli pamutu panga, anaona kuti kumbuyo kwanga kulibe munthu. Ine wa pakamwa posatseka ndinayesa kuyamba, mawu osatuluka. Anaika beseni pansi, anavula chipewa, nayang'ana kukhola.

"Nthanda," anaitana.

Ng'ombe ija inadzutsa mutu nthawi yomweyo. Inatembenuka, inadutsa Nkwenkwezi, nkubwera molunjika mosathamanga, monga imachitira ng'ombe imene yamva dzina lake kambirimbiri. Inafika pampanda nkuika mphuno m'dzanja lawo.

Alamu anaima chilili. Anandiyang'ana ngati ndine ndachita, ine ndinapukusa mutu. Kenaka tonse awiri maso athu anagwera pa chitsa chija, pomwe panali posalala chifukwa chokhalidwa m'mawa uliwonse.

"Mayi a Trust," anatero alamu, dzanja lili pa banga loyera lija, "ine kuopa konse kuja, inu munali mutaitcha kale."

Apo mpamene ndinatula mtolo pansi nkuyamba kulira mokweza, ndipo mudzi unamva.