Pomwe Penti Anakana Kugwira

Kumbuyo kwa pikapu ya ababa, mkati mwa chitseko chomwe timatsitsa pokweza katundu, pali malo amodzi pomwe penti anakana kugwira. Malowo kukula kwake ndi ngati chikhatho cha munthu, ndipo ndi chikhathodi: zala zonse zikuoneka, chaching'onocho chopindika pang'ono. Ndi dzanja la amayi. Dzimbiri likulifuna dzanja limeneli, ndipo ine ndi ababa takhala tikukanganirana nkhani yake kuyambira pomwe amayi anatisiya.

Pikapu imeneyi ndi imene inatilera. Inkanyamula nsomba za pa ayezi kuchoka kunyanja kuno kupita ku Lilongwe, ndipo nyengo yokolola inkasenza matumba a mpunga wa ku Lifuwu. Koma madzi a nsomba alibe chisoni ndi chitsulo. Pansi pa bodi, poika katundu paja, panayamba kufiira, kenako kufumbutuka, mpaka tsiku lina mayi wina wogula mpunga anabweza matumba ati ali ndi madontho a dzimbiri ndi kafungo ka usipa. Ababa anafika pakhomo nkhope itagwa, tiyi amene amayi anawaikira anazizirira patebulo.

Ulendo wotsatira anabwera kuchokera kutauni ndi zitini za penti wakuda wopopera, wokhuthala, amene akauma amakhala ngati labala. Ankati akangomata ameneyu, madzi a nsomba azingotsetsereka. Tsono ababa ndi munthu amene angalolere kusochera tsiku lonse kusiyana n'kufunsa njira. Anapala dzimbiri lonse, n'kutenga chokwechera mapoto cha amayi, n'kupukuta chitsulo mpaka chinati mbee, moti ndinadzionerapo nkhope.

"Penti amakonda posalala," anatero, ngati anabadwira m'galaja.

Anapopera, ndipo kunena zoona zinakongola. Koma sipanapite masiku, munthu wina pokoka dengu la nsomba, penti anatsagana ndi dengulo, akusendeka ngati khungu la mbatata yophika. Amayi anaseka mpaka anakhala pansi pakhonde.

"Abambo inu, kodi galimoto munaiveka chitenje? Nanga ikuvula yokha bwanji pagulu?"

Manyazi ndi amene anawatengera ababa ku Khombedza, kwa mnzawo wokonza mabodi a galimoto. Anabwerako ndi malamulo, koma ankawanena ngati awalota okha. Chitsulo chosalala, penti alibe pogwira, choncho uyenera kuchikanda ndi sandipepa wokhakhala mpaka chichite mikwingwirima. Ukatero uchipukute ndi thinazi, mankhwala osungunulira penti aja, upopere kaye penti wopyapyala wotuwa uja amati pulayima, ndipo wakudayo abwere pambuyo. Zonsezi zichitike m'mawa womwewo, chifukwa chinyontho cha kunyanja kuno sichichedwa kubweza dzimbiri pachitsulo chamaliseche. Lamulo lalikulu linali lakuti pakangopukutidwa, munthu asagwirepo. Mafuta a m'manja okha ndi okwanira kuti penti akane.

Ine anandiika kukhala mlonda, podziwa kuti pakamwa panga sipachedwa kutentha. Ntchito yake inali yovuta kuposa yokanda chitsulo. Kwathu kuno munthu sadutsa mnzake akugwira ntchito osapatukira kudzapereka moni, ndipo palibe amene amapereka moni kwa mwini galimoto osaitsamira. Woyandikana nafe nyumba, bambo wachisilamu amene ali ndi bwato, anabwera manja akadali ndi mamba a nsomba, salamu ali kukamwa, dzanja likulunjika kale pabodi. Ndinalumpha n'kuima pakati.

"Pepani achimwene, lero moni ndi wapatali."

"Mashaallah! Galimoto yasanduka mkwatibwi?" anatero akubwerera chafutambuyo. "Mutiitane tsiku la ukwati."

Ndinathamangitsa ana, ndinathamangitsa nkhuku, ndinakalipira ngakhale mkulu wa mpingo wathu, amene mpaka lero amandipatsa moni manja ali kumbuyo. Pamene ndinkalimbana ndi mbuzi ina yosamva kuseri kwa nyumba, ababa anali atalowa kukatakasa pulayima. Ndinabwerera n'kupeza amayi ataima pambali pa galimoto ndi mbale ya zitumbuwa zotentha, zimene anali atangokazinga kumene. Ankaiyang'ana pikapu yokandikakandikayo mwachisoni, ngati mwana amene wametedwa moipa. Sindinaganize kanthu, ndinangotenga chitumbuwa.

Ulendo uno penti anagwiradi. Madengu anakokedwa, matumba anaponyedwa, mvula inabwera n'kupita, iye ali nganganga. Mpunga unasiya kubwezedwa. Ababa ankayenda chifuwa chili patsogolo, akuphunzitsa aliyense za pulayima, ngakhale anthu amene alibe ndi njinga yomwe. Kenako pachitseko chakumbuyo panatukuka kachithuza. Ababa anakatokosa ndi chikhadabo, penti n'kumatuka pang'onopang'ono mpaka panatsala chithunzi cha dzanja, chitsulo chili poyera.

Anatiitana tonse ngati kubwalo la milandu. Koma mlandu sunatalike, chifukwa pakhomo pathu chala chopindika chinali cha munthu m'modzi, amene musi unamuphwanya chalacho ali mtsikana. Amayi anayang'ana, anaikapo dzanja lawo, ndipo linakwana ndendende.

"Ndi langadi," anatero osaphethira n'komwe. "Inandimvetsa chisoni mmene munaikandira muja, ndiye ndinaipepesa."

"Si ndinanena kuti munthu asagwire?"

"Munkanena alendo. Ine ndine mlendo pano?"

Apa ndiyenera kufotokoza. Chigulireni pikapuyo, sinanyamukepo pakhomo amayi osaika dzanja pachitseko chimenecho n'kunena kuti, "Muyende bwino, mubwere bwino." Ngakhale atayambana ndi ababa, ankatuluka ndithu, nkhope ili kumbali, n'kukaigwira. Kwa iwo kuigwira galimotoyo sikunali kugwira, kunali ngati kupuma. Ababa anakalipa, analumbira kuti Loweruka akandanso pamenepo n'kupoperanso. Loweruka linafika, linapita, linabweranso lina. M'malo mokonza, anayamba kumaonetsa alendo. "Bwerani muone siginecha ya abwana anga," ankatero, amayi n'kumawaopseza ndi chipande.

Amayi anadwala nthawi yochepa. Pikapu yomweyo ndi imene inawabweretsa kunyumba kuchokera kuchipatala, amayi a mpingo atakhala mozungulira bokosi, akuimba. Zimandiwawabe, ndipo sindiyerekeza kubisa.

Chitsulo chopanda penti kunyanja kuno sichikhalitsa. M'mbali mwa zala zija munayamba kufiira, ndipo ine ndinayamba kulongolola. Ndinawauza ababa kuti dzimbiri likalowa pansi pa penti lidzadya chitseko chonse, madzi a nsomba adzayambiranso, mpunga udzayambanso kubwezedwa. Malamulo awo omwe ndinawabwezera: kandani, pukutani, poperani. Iwo ankangoti, "Loweruka, mwanawe." Mtima wanga ndi wapachala, ndipo Loweruka limenelo linandikwana.

Tsiku lina ndinalawira kwawo ndi sandipepa m'manja, nditatsimikiza kuti ndikanda ndekha, akalipe asakalipe. Ndinawapeza kuseri kwa galimoto, chitseko atatsitsa, pambali pali kabotolo ka mafuta ophikira. Anadontheza pang'ono pachikhatho chawo n'kuyamba kupaka pachitsulo paja, chala ndi chala, mofatsa, mpaka kachala kopindika kaja. Kufiira kumene ndinkanena kuja anali atakuchotsa kale ndi kansalu. Dzanja lawo ndi lalikulu, moti akaliika pamenepo la amayi limabisika lonse.

Anandiona, anaonanso sandipepa uja.

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero. "Penti ndi amene angasunge chitseko, mafutawa ndikungonyengerera nawo dzimbiri. Koma ukapopera apa, ndizitsanzikana ndi ndani ponyamuka?"

Ndinapinda sandipepa uja n'kumubisa m'chitenje. Ababa anapukuta manja, anakweza chitseko, analowa kutsogolo n'kuliza injini, koma sananyamuke. Anangokhala, maso ali pagalasi loonera kumbuyo. Ndinazindikira mochedwa chimene ankadikira. Ndinapita kuseri, ndinapisa mkono mkati mwa bodi n'kuika dzanja langa pamafuta paja.

"Muyende bwino, ababa. Mubwere bwino."

Apo m'pamene analowetsa giya.