Tibowa ta mu udzu wa a Godwin

Sikisi koloko inawapeza mayi Eveles akumweta udzu wa ng'ombe kumunda kwawo ku Chipoka. Alangizi ananena kuti udzuwu suuma msanga chifukwa mkati mwake mumakhala tibowa tosaoneka ndi maso. Amuna a mayiwa, a Godwin, nkhaniyi inawakhudza kwambiri, moti ankafotokozera mlendo aliyense ali khale pampando: "Tibowati timagwira ntchito mwakachetechete, popanda wotiyamika. Zomvetsa chisoni ndithu."

Ndowa zimene mayiwa ankatunga kunyanja chilimwe chonse kuti athirire udzuwo sizinkatchulidwa. M'mawa umenewo msana unkawapweteka, mtolo unakana kunyamuka, ng'ombe ikulira ndi njala kukhola. A Godwin anali asanadzuke.

Mayi Eveles anaitana mnzawo wa munda woyandikana nawo: "Amake Tiwonge, tabwerani mudzandisenze."