Pikapu ya Alamu Yasiya Kudontha

Dzina loti a Gogoda analitengera ku ntchito. Pikapu ikamadontha oyilo kumatayala akumbuyo, amakaniko ena ankathamangira kunena kuti ekiselo yonse yatha, kaguleni ina. Iwo ayi. Ankasolola shafiti, kuchotsa kamphira kotchinga oyilo kamene amati silo, n'kulowetsa katsopano ndi kahamala, go go go mozungulira, mpaka kakhale bwinobwino. Amphawi ankawadalira, ndipo pa kudzitama ndiye sankanyengerera.

Kenako manja anayamba kunjenjemera. Kapu ya tiyi ankachita kuigwira ndi manja awiri. Silo ikalowa mopendekeka imadonthabe, ndiye makasitomala anayamba kuthawa mmodzimmodzi, ngakhale aja ankalumbira kuti sadzapita kwina.

Anatsala alamu awo okha, achimwene a malemu akazi awo, onyamula njerwa ndi mchenga pa pikapu yotheratu. Anaibweretsa, a Gogoda anagogoda, inadontha. Anaibweretsanso, inadonthanso, oyilo mpaka kunyowetsa mabuleki.

"Masilo a masiku ano ndi achabechabe, alamu," anatero a Gogoda, manja atawabisa m'matumba a ovolosi.

"Zoonadi alamu, chilichonse chasanduka feki."

Patapita masiku alamu aja anatulukira akuliza hutala, mano onse ali pamtunda.

"Yasiya, alamu! Kwauma gwa! Manja anu aja akadalipo."

Mtima wa a Gogoda unadumpha ngati wa mwana. Anayala katoni pansi n'kukwawira kunsi kwa galimoto kuti akaone ntchito yawo. Kunalidi kouma. Koma m'mphepete mwa chitsulo munali guluu wofiira wopakidwa mwaluso, ndipo mabawuti anali atsopano. Iwo guluu wotero sanamugwiritsepo ntchito chiyambire umakaniko. Pikapuyo inali itakonzedwa kugalaja ina.

Anagona chagada pamenepo nthawi yaitali, akuyang'ana mapazi a alamu awo amene ankangopondaponda pafumbi. Zinawawawa kwambiri, makamaka poti munthuyo ananama chifukwa chowakonda. Misozi inatsikira m'makutu, ndipo dzanja loti aipukutire linkangonjenjemera pachifuwa.

"Mwaona bwanji, alamu?" anafunsa eni galimoto.

"Ntchito yabwino," anayankha a Gogoda asanatuluke. "Amene wakonzayu manja ake ndi abwino. Ikadzavutanso muzipita komweko."

Mapazi aja anasiya kupondaponda.