Malaya a manja aatali a mlongo wanga

Mlongo wanga wamng'ono atabwerako ku Joni, ndinamupatsa chipinda cha kuseri kwathu, kufupi ndi Nsaru. Kunja kunkatentha, fodya ali pa nazale, koma iye sankavula malaya a manja aatali. Ngakhale pothirira kudimba sankapinda manja.

Poyamba ndinkati ndi manyazi a munthu wobwera chimanjamanja. Koma masiku ena ankazungulira pabwalo akukukuta mano, akulankhula osapumira, kenako n'kumupeza akuwodzera pakhonde chinangwa chili m'manja. Masipuni anga anayamba kusowa. Imodzi ndinakaitola m'chigafa, kunsi kwake kutada ndi mwaye.

"Kodi iwe, ukudwala?" ndinamufunsa.

"Wakutumani ndani, achemwali? Mwayamba kugwirizana nawo eti? Ndikuwaona akusuzumira pampandapo."

Pampanda panalibe munthu. Komabe ndinayamba kuwayang'ana ndi diso lina aneba, poganiza kuti mwina amulodza. Amuna anga ankakayikira bambo wina wa njinga yamoto amene ankaima patali ndi nyumba, osalonjera aliyense.

Tsiku lina masana ndinamupeza ali gone m'chigafa muja. Milomo inali itatuwa, akupuma mwa apo ndi apo ngati akuliza mkonono, sirinji ili pambali. Ndinamugwedeza, osadzuka. Nditapinda dzanja la malaya ndinaona zipsera mkono wonse, ndi chithupsa chikutuluka mafinya.

Kuchipatala anamubaya mankhwala ndipo anatsitsimuka. Adokotala atamufunsa modekha, anaulula kuti ankasakaniza mankhwala ozunguza bongo otchedwa heroini ndi ufa wina wotchedwa tiki m'sirinji imodzi.

"Amayi," adokotala anatembenukira kwa ine, "tikiyo amathamangitsa mtima, amalanda tulo, n'chifukwa chake ankaona anthu kulibe. Heroini amafooketsa kupuma. Akaphatikiza, munthu samva kuti wapyola muyeso, ndiye amawonjeza. Mukanachedwa pang'ono, tikanakamba zina."

Anafunsanso ngati ankabwerekana masingano ndi anzake. Anamuyeza magazi, koma pomuuza zotsatira adokotala anapempha kuti ine nditulukemo. Mpaka lero sindikudziwa chimene anamva.

Chithupsa chija anachita kucheka, ndipo mkonowo sutambasuka bwino. Anamuuza kuti azibweranso kudzaonana ndi aphungu othandiza anthu kusiya mankhwalawa. Akanena kuti akupita kuchipatala, ine mtima sunkakhala pansi, poopa kuti akukasaka mankhwala aja. Ulendo wina ndinamulondola, ndinakwera minibasi ya pambuyo pake, chitenje nditafunda kumutu.

Ndinamupeza ali pabenchi pakhomo la aphungu, yekhayekha. Anandizindikira ndisanabisale. Anandiyang'ana, kenako anasendera.

"Khalani apa, achemwali. Muli munthu m'katimo, atenga nthawi."