Galu Wosungitsa wa Che Saidi

Ntchito yobaya agalu katemera wa chiwewe sindinaifunsire. Ndine mlimi wa mpunga ku sikimu ya Likangala, ndipo kwa zaka zingapo ndinkathandiza anthu a m'dera lathu kudontheza katemera wa chitopa m'maso mwa nkhuku. Alangizi a ziweto, Mayi Nkhoma, ankandidziwa chifukwa cha zimenezo. Chaka china titangomaliza kupuntha mpunga, anaima ndi njinga yamoto pakhomo panga nandifunsa ngati ndimaopa agalu. Ndinati ndimawaopa. "Ndiye mukhoza," anatero. "Osaopawo ndi amene amandivuta, amalumidwa tsiku loyamba."

Zida zake si zambiri. Pali bokosi lozizira lokhala ndi madzi oundana, mabotolo a katemera, masirinji, singano, kabokosi kotayamo singano zimene zagwira kale ntchito, makadi, ndi penti wofiira wopaka pamutu pa galu amene wabayidwa. Galu amagwiridwa ndi mwini wake, dzanja limodzi pansi pa khosi, lina pamimba, mutu utayang'ana kumbali. Wobaya amatsina chikopa cha pakati pa mapewa, kuchikweza, ndi kulowetsa singano pansi pa chikopacho, osati mumnofu. Muyezo ndi mililita imodzi. Singano imodzi, galu mmodzi. Botolo limabwerera m'bokosi nthawi yomweyo, chifukwa katemera akatentha ndiye kuti watha ntchito.

Muyezowo ndi womwewo kwa galu wamkulu ndi wamng'ono. Anthu ambiri sankamvetsa. Ankabwera ndi tiagalu tawo n'kumati, "Kameneka mukabaye theka, kangafe." Mayi Nkhoma ankakana, ankati theka siliteteza. Koma ankavomereza kuti tiagalu tating'ono ndi timene timavutika kawirikawiri tikabayidwa. Tambiri timangofooka, kugona, kukana chakudya tsiku limenelo, kapena kutuluka kachotupa pamene palowa singano. Zimenezo zimatha zokha. Zoopsa ndi zina: nkhope kutupa, kusanza mobwereza, kupuma movutikira, ndi nkhama kuyera m'malo mokhala zofiirira. Zotere zimabwera msanga, ndipo mankhwala ake ankakhala m'chikwama cha Mayi Nkhoma okha. Ife sitinkaloledwa kuwagwira.

N'chifukwa chake lamulo lawo linali lakuti galu wamng'ono akabayidwa adikire pamthunzi theka la ola. Lamulo limeneli linali lovuta kulisunga. Kwathu kagalu amakanyamula m'thumba la feteleza, kulimanga kukamwa ndi kulikoleka pakaliyala. Munthu akangolandira khadi amafuna kukabwezera m'thumba n'kupalasa. M'thumba mumatentha, mpweya ndi wochepa, ndipo nkhope ya galu siioneka.

Tsiku limene ndimalikumbukira linali Lachisanu, nyengo yotentha itayamba. Mayi Nkhoma anandisiya pansi pa mtengo wa mango m'mudzi wina wa kumunsi kwa sikimu, iwo n'kupita kukabaya kutsidya kwa ngalande yaikulu. Pafupi nane panali Amake Joyisi, mayi wokazinga mandasi, amene anabweretsa mbaula ndi chiwaya ataona kuti pasonkhana anthu.

Dzuwa litakwera ndithu kunabwera Che Saidi, bambo wachikulire wogula ndi kugulitsa matemba. Anavala mkanjo woyera ndi kofia, pokonzekera kupitirira kumzikiti. Kumbuyo kwawo kunali kagalu kabulauni, kakafupi miyendo, pachingwe chachitali. Dzina lake linali Kambuzi. Ndinawapempha kuti amugwire.

"Achimwene, ine galu sindigwira," anatero. "Malovu ake kwa ife ndi odetsa. Komanso si wanga. Ndi wosungitsa."

Anandifotokozera mwachidule. Galuyo anali wa Fulakisoni, msodzi woyandikana nawo nyumba. Nyanja ya Chilwa itaphwa, Fulakisoni anapita ku Mozambiki kukafuna ntchito, ndipo anasiya Kambuzi m'manja mwawo mpaka adzabwere. Nyanja inadzaza, koma iye anali asanabwere. Che Saidi ankamupatsa chakudya m'mbale yakeyake kuseri kwa nyumba, anamumangira kakhumbi, koma anali asanamukhudzepo.

Amake Joyisi anapukuta manja pachitenje n'kubwera kudzagwira. "Che Saidi, inunso," anatero akuseka. "Mumamudyetsa matemba ngati mlendo, koma kumugwira ayi?"

"Mlendo timamudyetsa, mayi, sitimunyamula," anayankha.

Ndinabaya, ndinapaka penti, ndinalemba khadi. Ndinawauza kuti adikire. Sanatsutse. Anakhala pamuzu wa mtengo, chingwe chili m'manja.

Ndinali nditabaya agalu ena ochepa pamene anandiitana. "Achimwene, tabwerani muone." Kambuzi ankakanda kunkhope ndi miyendo yakutsogolo. Milomo inali itatupa, maso atatsala pang'ono kutsekeka. Anasanza, n'kusanzanso. Kenako anagona chammbali, mpweya ukumveka kulira pakhosi. Ndinakweza mlomo wake ndi chala. Nkhama zinali zoyera.

Anthu anatizungulira. Wina anati jakisoniyo munali chiphe. Amake Joyisi anathamangira kumbaula n'kubwera ndi kapu ya mafuta ophikira. Kwathu galu akadya chiphe amamumwetsa mafuta, mkaka kapena dzira laliwisi kuti asanze, ndipo aliyense amadziwa galu wina amene anachira choncho.

"Mutsegulireni kukamwa!" anatero. "Mukuyang'ana chiyani, a dokotala? Afatu ameneyu!"

Ndinati ayi. Ndinafotokoza kuti chimene chalowa pansi pa chikopa sichituluka ndi masanzi, ndipo pakhosi potupa mafuta akhoza kulowera kumapapo. Mawu anga sanamveke bwino. Amene ankakana mafuta ndi munthu yemweyo amene anabaya. Bambo wina anayamba kumasula galu wake pamtengo kuti azipita.

Che Saidi anandiyang'ana. "Akafa, mwini wake mudzamuuza chiyani?"

"Ndidzamuuza kuti ndinakana mafuta chifukwa akanatsamwa nawo. Ngati achire, sindikudziwa."

Che Saidi anayang'ana Kambuzi. Kenako anati, "Mayi, bwezerani mafutawo m'chiwaya."

Ndinaimbira Mayi Nkhoma. Anafunsa za nkhama ndi kapumidwe, basi. "Bwerani naye pa ngalande yaikulu," anatero. "Njinga yamoto singaoloke pathabwa loolokera paja, kuzungulira ndichedwa. Musamuike m'thumba. Khosi likhale lowongoka. Musamumwetse kanthu."

Njinga yanga inali pomwepo, koma sindikanatha kupalasa nditanyamula galu. Wina anabwera ndi thumba, ndinalikana. Amake Joyisi anali ndi mwana kumsana ndi mafuta pamoto. Ena onse anali ndi agalu awo pazingwe, ndipo palibe amene ankafuna kuti galu wa mwini afere m'manja mwake. Ndinatseka bokosi la katemera ndi kuliika pamthunzi. Nditatembenuka ndinaona Che Saidi akuyang'ana mkanjo wawo. Ananena mawu ochepa chapansipansi, anawerama, n'kunyamula Kambuzi.

"Ndigwire bwanji?" anafunsa.

Ndinawaonetsa: chifuwa cha galu pamkono, chibwano pachikhatho, khosi lowongoka. Anakwera pakaliyala.

Njira yake ndi ya pamwamba pa mlambala wa sikimu, yopapatiza, yokumbika ndi mapazi a ng'ombe. Mbali zonse kunali ziputu za mpunga. Sindinkatha kucheuka, choncho ndinkangofunsa.

"Akupuma?"

"Akupuma."

Patsogolo pang'ono ndinafunsanso. "Akupuma, koma pang'ono," anatero. "Palasani, achimwene." Pena gudumu linagwera m'dzenje, tinapendekeka, iwo anaponda pansi ndi mwendo umodzi osamasula dzanja pachibwano cha galu.

Mayi Nkhoma tinawapeza ataoloka kale pathabwa, chikwama chili chotsegula, sirinji yodzaza ili m'manja. Anabaya mankhwala otchedwa adirenalini mumnofu wa ntchafu, galu akadali pamkono pa Che Saidi. Anamvetsera pachifuwa, anabayanso mankhwala ochepetsa kutupa, n'kumugoneka pathaulo pamthunzi wa bango. Ndiye tinadikira. Mayi Nkhoma ankakweza mlomo, kudina nkhama ndi chala, kusiya, n'kuyang'ana ngati mtundu ukubwerera. Poyamba sunabwerere. Kenako unayamba kubwerera pang'onopang'ono. Kulira kwa pakhosi kunachepa. Kambuzi anadzutsa mutu, n'kuugonekanso.

"Wadutsa," anatero Mayi Nkhoma. "Koma akhala ndi ine mpaka madzulo. Kutupa kumatha kubwereranso."

Apo m'pamene ndinaona mkanjo wa Che Saidi. Kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo unali malovu, masanzi ndi penti wofiira. Kutali kunamveka kuitanira mapemphero. Sakanafika, ndipo sakanalowa mumzikiti ali choncho. Anatsikira m'ngalande, anatapa dothi, n'kuyamba kusamba m'manja ndi m'mikono ndi dothi ndi madzi monga chipembedzo chawo chimanenera. Sanafulumire. Atatuluka ndinawapepesa kuti aphonya mapemphero.

"Mkanjo ndichapa," anatero. "Koma Fulakisoni akabwera, ndikanamupatsa chingwe chokha?"

Ndinabwerera ndekha pamtengo wa mango. Anthu ambiri anali atapita ndi agalu awo osabayitsa. Amake Joyisi anali atafunditsa bokosi langa chitenje chonyowa, n'kumalisuntha potsatira mthunzi. "Wafa?" anafunsa. Ndinati ayi. Anaomba m'manja kamodzi, n'kundipatsa mandasi awiri otsala. Patapita masiku ndinamva akufotokoza nkhaniyi pamjigo, ndipo m'kufotokoza kwawo amene anakana mafuta anali iwo. Sindinawatsutse. Anthu anawamvera kuposa mmene akanandimvera ine, ndipo titabwereranso m'mudzimo amene anathawa aja anabwera ndi agalu awo.

Kuyambira pamenepo tinasintha kagwiridwe ka ntchito. Tiagalu tating'ono timabayidwa koyambirira, Mayi Nkhoma asanachoke ndi chikwama chawo. Ndimayala mphasa pamthunzi, ndipo khadi ndimapereka nthawi yodikira ikatha, osati singano ikangotuluka. Matumba amakhala panjinga. Ndisanalole munthu kupita, ndimakweza mlomo wa galu wake n'kumuonetsa nkhama kuti adziwe mtundu wake wabwino, ndipo ndimamuuza zoti aziyang'ana akafika kunyumba. Ndinayamba ntchitoyi ndikuganiza kuti luso lake lili pa kubaya. Kubaya ndinaphunzira msanga. Chimene ndinaphunzira pa ngalande paja n'chakuti wobaya sachoka maso pa galu singano ikatuluka.

Chaka chotsatira ndinkaganiza kuti Kambuzi sabwera, ndipo sindikanawaimba mlandu Che Saidi. Koma m'dera lathu chiwewe chilipo, ndipo iwo ankadziwa. Anafika anthu ena asanabwere. Fulakisoni anali asanabwerebe. Mayi Nkhoma anaona chimene analemba pakhadi chaka chatha, anayamba apatsa galuyo mankhwala oletsa kutupa, tinadikira, kenako ndinabaya. Amene anamugwira anali Amake Joyisi, monga kale.

Che Saidi sanamukhudze. Anakhala pamuzu womwe uja, chingwe chili m'manja. Koma tsikulo sanavale mkanjo. Anavala malaya akale onyamulira matemba, manja ake atawapinda kale mpaka m'zigongono.

Nthawi itakwana ndinakweza mlomo wa Kambuzi. Nkhama zinali zofiirira bwino. Ndinawapatsa khadi ndi kuwauza kuti akhoza kupita.

"Tidikireko pang'ono, achimwene," anatero. "Si wanga."