Nsomba ya Ulusi Wofiira

Mukafika mumzinda wa Barisal, mumsewu wotsikira kudoko, n'kufunsa kuti kwa a Jobeda Khatun n'kuti, palibe amene angakuuzeni nambala ya nyumba. Amangoti, "Mayi a firiji aja? Khotani apo."

Firiji yake ndi ija ya bokosi, yotsegula pamwamba. Anawagulira ndi mwana wawo Tuhin, chaka chimene anapita kukagwira ntchito ku Italy. A Jobeda anakanitsitsa kuti ikhale kukhitchini. Inalowa kuchipinda chogona, anaifunditsa nsalu yamaluwa, kiyi wake n'kumangirira pansonga ya sari yawo, nsalu yaitali imene ankavala. Amuna awo a Mokbul, amene kale ankagulitsa matikiti a sitima zapamtsinje, anaphunzira kukwera pabedi chammbali.

Mayiwa anaphikira atsikana a sukulu yogonera konko kwa zaka makumi awiri, ndipo anachokako ndi nthenda imodzi: kutaya chakudya ayi. Ikafika Idi ya nsembe, ankapatula gawo la osauka ndi la achibale monga mwa mwambo, koma gawo la pakhomo linkalowa m'firiji n'kudikira ng'ombe ya chaka chamawa. Timatumba take sankalembapo kanthu. Ankati manja awo amadziwa. Tsiku lina manja omwewo anatulutsa nyama yogaya yophikira alendo, itasungunuka inapezeka kuti ndi kokonati wopala.

Mwana wawo wamkazi Shiuli, amene ndi namwino, anawalankhula mpaka kukamwa kuuma.

"Amayi, firiji si Mulungu. Nyama yodula ikuluikulu ikhoza kufika chaka. Yogaya, miyezi itatu kapena inayi. Nsomba yamafuta ikapitirira miyezi itatu, mafuta ake amawonongeka, mukaphika mudzangothawa nokha."

"Zimenezo ukawauze odwala ako," ankatero a Jobeda. "Firiji yangayi sinapite kusukulu yakoyo."

Ndiye panali nsomba. Tuhin anaimba foni kuti mvula ikangotha akubwera, ndipo chimene akuchilota ndi nsomba ya ilishi yophika ndi njere za mpiru. A Jobeda sanatume munthu. Anapita okha kumsika, anakanikiza mimba za ilishi mpaka ogulitsa anayamba kung'ung'udza, n'kusankha yopanda mazira, poti yamazira mafuta onse amathera m'mazira momwemo. Anaimanga ulusi wofiira kumchira, anaikulunga bwinobwino, n'kuigoneka pakona yakeyake.

Mvula inatha, Tuhin osabwera. Mapepala ake anali asanatuluke. Inabweranso mvula ina, inathanso. Foni iliyonse inali yoti, "Posachedwa, amayi." Mayiwa zinkawapweteka zedi, kungoti sankanena. M'malo mwake Lachisanu lililonse ankatsegula firiji, n'kuvundukula nsombayo, n'kuiuza kuti, "Pirira, akubwera." Chodabwitsa, nsomba ija inkangonyezimira ngati yadzulo.

Apa ndiye anthu anawaona! Mnansi aliyense wobwera kudzapempha mchere ankalowetsedwa kuchipinda kuti akaone. "Zaka ziwiri izi, mlongo. Tanunkhizani. Shiuli, nanga miyezi itatu yako ija ili kuti?" Shiuli ankangoyang'ana bambo ake, bambo akewo n'kumayang'ana kudenga.

Patatha zaka ziwiri ndi theka, Tuhin anafikadi, atanenepa, atameta modabwitsa. Amayi ake analira, anamutukwana pang'ono chifukwa cha kametedweko, n'kumulamula kuti akapumule. Kenako anasungunula nsomba ija, anakhala pansi kukhitchini, anaponda ndi phazi thabwa limene panakhomedwa mpeni wawo wokhota wochekera nsomba, n'kucheka mimba.

Mazira! Mimba yonse tho ndi mazira.

A Jobeda anayang'ana kumchira, ulusi wofiira unalipo. Anayang'ananso m'mimba, mazira analipobe.

"Bambo a Tuhin, tabwerani kuno."

A Mokbul anafika pakhomo la khitchini atagwira nyuzipepala, anaona zimene zinali pambale, ndipo nkhope yawo inagwa.

"Mwakhala pamtsinje moyo wanu wonse inu. Tandiuzeni, nsomba yakufa imatenga mimba?"

"Mwina kuzizira kuja..."

"Kuzizira! Ndiye ng'ombe ili m'menemo tiyembekezere mwana wake liti?"

Bamboyo anapinda nyuzipepala, anapisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa kakiyi. Firiji imabwera ndi makiyi awiri. A Jobeda anali ataiwala zimenezo, a Mokbul ayi. Anaulula zonse. Miyezi itatu iliyonse, mkazi wawo akapita kukaona mchemwali wawo, iwo ankagula ilishi yatsopano yofanana kukula, n'kusamutsa ulusi uja. Ulendo womalizawu anachita changu, anaiwala kukanikiza mimba.

"Zingati?"

"Iyi ndi yachisanu ndi chinayi imene ndagula."

"Nanga zakalezo zinkapita kuti?"

"Kwa Harun telala. Mkazi wake amaphika bwi... amayesako."

"Ha! Ilishi zisanu ndi zinayi mwadya ndi telala, ine ndikudya nyemba pano? N'chifukwa chake malaya anu akusokedwa ulere! Ndipo mwandisiya ndikuitana msewu wonse kuti adzanunkhize bodza lanu. Bwanji osangondiuza kuti nsombayi yatha ntchito?"

A Mokbul anakanda m'mutu. "Ndinayesa, mayi a Tuhin. Lachisanu lina ndinabwera kuti ndinene, ndinakupezani mukuiuza kuti ipirire. Ndinaona kuti ndikati nsomba yawonongeka, inu mumva kuti mwana sabweranso."

A Jobeda anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti ndi anyezi, ngakhale anyezi anali asanasendedwe. Kenako anati, "Mwangoimiranji? Tasinjani mpiru uwo."

Masana anakhala pansi kudya onse anayi. Tuhin anasakaniza mpunga ndi msuzi, anaponya mkamwa, n'kutseka maso.

"Amayi, iyi ndi imene munandisungira ija? Zaka zonsezi?"

Shiuli anatsamwa ndi madzi. A Mokbul anayamba kusankha minga imene panalibe.

"Ee," anatero a Jobeda. "Tinakusungira, ine ndi bambo ako."

Panyumba pamenepo mazira okazinga a ilishi anali a Tuhin chiyambire ali mwana, ndipo iye anali atatambasula kale mbale yake. Amayi ake anaipitirira mbaleyo, n'kukhuthulira mazira onse m'mbale ya a Mokbul.

"Nanga ine?" anadandaula Tuhin.

"Iwe unachedwa," anatero amayi ake. "Awa ndi amene ankadikira nane."