Mlendo Wokana Mlamba

Mayi Vera Laveni ankakhala m'fulati ya pamwamba ku Thamesmead, mumzinda wa London, ndipo anansi ankawadziwa ndi zinthu ziwiri: kulawirira ku ntchito yosamalira nkhalamba, ndi kusatsegula chitseko asanasuzumire. Amayi amenewa sankakhulupirira munthu, ngakhale wodzawerenga mita ya magetsi.

Dzina lawo lachilendolo linachokera ku Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, tsidya linalo kuli kale dziko la eni. Kalelo sitima zikuyenda pamtsinje, kunafika Mfalansa wina, Bwana Laveni, wogula chitowe ndi thonje. Anakwatira mkazi wachimang'anja nabereka ana awiri, Filomena ndi Antonyo. Malungo atamutopetsa, anabwerera kwawo atatenga Filomena, kamtsikana kongoyamba kutunga madzi, n'kusiya Antonyo ali kubere. Antonyoyo ndiye bambo a Mayi Vera. Mdalayo ankafunsa mzungu aliyense, ngakhale wansembe, ngati anamuonapo mlongo wake. Tsiku limene mwana wake ankanyamuka kupita ku Ulaya, sanapemphe jekete kapena wailesi ayi. Anangoti, "Ukandipezere Filomena." Anamwalira asanamve kanthu, ndipo zimenezi zinkawapweteka Mayi Vera.

Ndiye inafika 1992, kumudzi kutatentha ndi ndale. Amalawi a ku London ankaopana okhaokha. Anthu ankati ukalankhula mosasamala ku Barking, amene akagwidwe ndi m'bale wako ku Nsanje. Mayi Vera anali atapitako kumsonkhano wa ofuna zipani zambiri, pamene mlongo wawo Bonface anali mphunzitsi ku Chiromo komweko. Tulo ankagona tochepa.

Loweruka lina masana kunamveka kugogoda. Pakhomo panaima mzungu wokalamba, wovala jasi lalitali, Chingerezi chake chopunduka. Anati dzina lake ndi Crispin, wachokera ku France, ndipo wamulozera njira ndi wansembe wina amene anakhalako ku Chigwa cha Shire. Amayi ake, anatero, anali Filomena.

Mayi Vera anafuna kukondwa, koma anadzigwira msanga. Ha! Zaka zonsezi kunali zii, lero kwavuta ndiye msuweni agwe kuchokera kumwamba? Boma la kumudzi lija lingalephere kulemba ganyu mzungu?

Komabe mlendo safunsidwa ali chiimire. Anamulowetsa, naphika mpunga ndi mlamba wouma wochokera kumudzi, umene ankausungira Khirisimasi. Mayeso ake anali omwewo. Kwawo m'bale wochokera kutali sakana mbale, angakhute bwanji, amalawa ndithu.

"Zikomo, ndadya kale kusiteshoni," anatero Crispin. "Musavutike."

Anamukakamiza, koma iye anangomwetulira n'kukankhira mbaleyo pambali pang'ono. Mwana wawo Melissa anawatsata kukhitchini n'kuwanong'oneza m'Chingerezi kuti kwa azungu kukana kotero ndi ulemu chabe.

"Khala chete iwe, ukudziwa chiyani?" anatero amayi ake. "Akuopa kudya chifukwa akudziwa chimene wadzera."

Atabwerera pabalaza, mlendo uja anayamba mafunso. Ku Chiromo kudakali abale? Mayina awo ndani? Amagwira ntchito yanji? Abale inu, kazitape angafunsenso zotani kuposa pamenepa? Mayi Vera anaona m'maganizo Bonface akukwezedwa mugalimoto ya apolisi, ana asukulu akuonerera.

"Mwasokera, bambo," anatero. "Ife kwathu ndi ku Karonga. Dzinali bambo anga anangolitola kwa bwana amene ankamuphikira."

 Nkhalambayo inapempha kuti isiyeko keyala, mwina adzamva za anthuwo. Mayi Vera anakana, ati alibe pomvera. Mumtima ankadziyamikira kuti amuchenjerera.

Pakhomo anatenga jasi lija n'kumupatsira. Crispin analilandira ndi manja awiri, maso pansi, n'kupinda maondo pang'ono. Anachita mosaganizira, monga munthu amene wachita zimenezo moyo wake wonse, n'kutsika masitepe.

Mayi Vera anatseka chitseko, nakhoma, naima pomwepo. Mwamuna wa kwawo sapinda maondo chonchija. Amatero ndi ana aakazi. Akanakhala wotumidwa, omutumawo akanamuphunzitsa ulemu wachimuna. Uyu anaonera kwa mkazi, mkazi amene anachoka ku Chiromo atangophunzira ulemu wa kamtsikana, ndipo kumene anapitako kunalibe womuuza mwana wake kuti anyamata satero.

"Mayo ine! Melissa, nsapato zanga!"

Lifiti inali yakufa monga mwa masiku onse. Anatsika masitepe akugwira khoma, mpweya ukuwathera, akuitana mawu amene sanaitanepo munthu ku London kuno: "Asuweni! Asuweni!" Pofika pansi, basi imene Crispin anakwera inali ikukhota kale pakona, ndipo sanathe n'kuona komwe nambala yake.